Sajeni, Ng'ombe Yathu Yofiira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ng'ombe yathu idasowa. Tinkakhala m'dera la mfumu Zingalume, ndipo ndinali mu Giredi 4, chifukwa sukulu ndidaiyamba mochedwa polera ang'ono anga. Pakhomo pathu ine ndinali woyamba kubadwa, komanso woyamba kugwira cholembera. Atate, aMbewe, ankatha kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, chala chikutsata mzere, koma kulemba sankatha, ndipo Chizungu ankangodziwa cha moni basi. Choncho pepala lililonse likafika pakhomo, kaya ndi khadi la kuchipatala kaya chikalata cha feteleza, ankaitana ine. "Esinati, tabwera udzationere apa." Ndinkabwera monyang'wa, ndikupukuta manja pa diresi, ngati kalaliki wa pa boma. Anthu ankandiyamikira, ndipo kuyamikira kwawoko ndidakuzolowera ngati mchere.

Tinali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Ina inali Bulaki, yakuda bii, yaulesi ndi yokonda kuba chimanga. Inayo inali Sajeni. Sajeni anali wofiira, wa banga loyera pamphumi, ndipo khutu lake lakumanzere Atate adalitema kunsonga akali thole, nkukhala ngati mphanda. Ndiye ankayenda mumzere polima, ndipo Bulaki ankangotsatira nzeru zake. Atate sankamukwapula Sajeni. Ankangolankhula naye motsitsa mawu, monga amachitira munthu ndi mnzake amene adakulira limodzi. Ng'ombe ziwirizi ndizo zinkalima chimanga chathu, nsawa ndi kamunda ka thonje, ndizo zinkakoka ngolo, ndipo ndizo zidatengera Amayi kuchipatala pamene ankakabereka mlongo wanga wotsiriza.

Kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ng'ombe zinkangosiyidwa kuti zidzidyera zokha kudambo ndi m'minda yokololedwa. Tsiku lina madzulo Bulaki adabwera yekha, nkuima pakhomo la khola akulira. Atate adafunafuna masiku anayi, mudzi ndi mudzi, mpaka kufupi ndi malire. Tsiku lachinayi adaponda chitsa chosongoka chimene chidapsa ndi lupsa, ndipo chidalowa m'phazi. Adabwera akutsimphina ndi ndodo. Pofika m'mawa phazilo lidatupa ngati dzungu. Amayi anali ndi khanda la mwezi umodzi kumsana. Panalibe wina woti nkupitiriza kufunafuna, ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana.

Mnansi wathu, aMwale, adabwera kudzazonda Atate ali pa ulendo wa ku Chipata, kumene mwana wawo ankagwira ntchito. Adati ng'ombe zosochera, ndi zimene zalandidwa kwa akuba, nkhani yake imakathera kwa apolisi pa boma. Iwo akakwerera basi pomwepo, ndiye atha kusiya kalata, yankho adzalitenga pobwera.

"Koma ikhale ya Chizungu," adatero aMwale. "Masiku ano a boma amachokera kulikonse, ena kumpoto, ena kumadzulo. Chichewa chathuchi mwina sangachimve. Nanga si muli naye kalaliki wanu pano?"

Zinali zoona. M'zaka zija za chipani chimodzi, boma linkatumiza antchito ake kutali ndi kwawo kuti mitundu isakanikirane, ndipo chinenero chimene onse ankakumaniramo pa pepala chinali Chizungu.

Ndidang'amba tsamba pakati pa kope langa, nkukhala pa mphasa pafupi ndi phazi lotupa lija, limene linkanunkha mankhwala a masamba. Atate adanena mawu awo pang'onopang'ono. Ng'ombe yathu yofiira yasowa. Ili ndi banga loyera pamphumi. Khutu lakumanzere ndi lotemedwa kunsonga ngati mphanda. Chonde tithandizeni, mvula yayandikira.

Chiganizo choyamba sichidandivute. Kusukulu tinkaimba mitundu ya zinthu ngati nyimbo, popeza makrayoni kunalibe ndipo buku limodzi tinkaonera anthu asanu: black kuda, white kuyera, red kufiira. Mawu oti brown ndinali nditawamvapo, koma ndidauzidwa kuti ndi mtundu wa dothi, ndipo ine m'mutu mwanga ndidaona dothi lakuda la kudimba. Ndiye ndidalemba mosakayika: "Dear Sir, our red ox is lost. It has white on the face."

Pa khutu mpamene ndidaima. Khutu ndinkalidziwa, kumanzere ndinkakudziwa, koma kutema kwa mphanda kuja ndinalibe mawu ake. Ndidaluma cholembera. AMwale anali ataimirira kale, dzanja lili pa chikwama, akuuza Atate kuti mwana uyu adzafika patali. Ndidaona kuti ndikanena kuti sindikudziwa, ulemu wanga wonse ugwera pansi pomwepo. Ndidadumpha khutulo, nkulemba "Please help us," kenaka dzina la Atate ndi la mudzi.

"Tatiwerengere timve," adatero Atate.

Ndidawerenga Chizungucho, kenaka ndidamasulira m'Chichewa, ndipo pomasulirapo ndidaikamo khutu lija ngati kuti lili papepala. Atate adangogwedeza mutu. AMwale adapinda kalatayo, nkuiika m'thumba la malaya.

Patapita mlungu adabwerako. Adati wapolisi amene adalandira kalata sadamupeze, koma adasiya yankho kwa mnzake, lolembedwa kuseri kwa pepala langa lomwe lija. Anali mawu anayi okha: "No red ox here." Ndidawawerengera Atate kuti ng'ombe yofiira kulibeko. Adayang'ana kukhola. Kenaka adati, "Basi, idaoloka malire," nkupempha Amayi kuti awapatsire nsompho ndi mtengo woti aseme mpini wa khasu.

Mvula yoyamba idagwa mlungu womwewo, ndipo dziko lonse lidanunkha fungo lija la dothi lonyowa limene chaka chilichonse linkatisangalatsa. Chaka chimenecho lidatiwawa. Anzathu ankatuluka mbandakucha ndi mapulawo, tikumva zikwapu ndi mluzu kuminda, ife tikupita ndi makasu. Ng'ombe imodzi siikoka pulawo, ndipo wina aliyense anali pa liwiro lolima munda wake. Wobwereketsa ng'ombe nthawi imeneyo sapezeka. Amayi ankalima khanda lili kumsana. Atate ankalima atagwada pa bondo limodzi, phazi atalikulunga nsanza. Ine ndinkalima mizere iwiri ndisanapite kusukulu, ndipo m'kalasi manja ankawawa pogwira cholembera. Za khutu lija ndinkazikankhira kutali. Ndinkadziuza kuti ngati ng'ombe kulibeko, ndiye kuti kulibeko, khutu silikadasintha kanthu.

Aphunzitsi athu anali Mayi Tembo, mzimayi wamtali wa mawu otsika, amene sankakonda ndodo. Tsiku lina adatiuza kuti tilembe ziganizo zisanu za Chizungu zonena za chiweto cha kwathu. Ine ndidalemba za Sajeni, popeza m'mutu mwanga munalibe china. Makope atabwerera, ndidapeza kuti achonga zonse, kupatula liwu limodzi. Pa red adadulapo mzere, pamwamba pake nkulemba brown.

Pa nthawi yopuma anzanga atatuluka, ndidapita kutebulo lawo.

"Aphunzitsi, apa mwalakwitsa. Ng'ombe yathu ndi yofiira."

Sadakwiye. Adandiyang'ana, nkundiuza kuti ndidikire. Adatuluka, ndipo pobwera anali ndi phwetekere wakupsa wa m'dimba la sukulu ndi chibenthu cha papaya chimene adasungira nkhomaliro. Adaziika patebulo, kenaka adavula nsapato imodzi yachikopa nkuiika pambali pake. Pomaliza adatsegula kabuku kena nkundionetsa chithunzi cha galu wotulutsa lilime.

"Phwetekereyu ndi wotani?"

"Wofiira."

"Papayayu mkati mwake?"

"Wofiira."

"Nsapato yangayi? Nanga lilime la galuyu?"

"Zofiiranso, Aphunzitsi. Kungoti kufiira kwake nkosiyana."

"Eya. Ife timati zonsezi nzofiira, ndipo tikafuna kusiyanitsa timafanizira: kufiira ngati magazi, kufiira ngati katondo. Ngakhale munthu wowala khungu timati ndi wofiira, ndipo palibe amasokonezeka. Koma Chizungu chidagawa kufiiraku m'nyumba zosiyana, iliyonse ndi dzina lake." Adakhudza phwetekere. "Uyu ndiye red, pamodzi ndi magazi ndi tsabola wakupsa." Adakhudza papaya. "Uyu orange." Lilime la galu adati pink, monga mkati mwa gwafa. Kenaka adanyamula nsapato ija. "Iyi ndi brown, pamodzi ndi tiyi wopanda mkaka, dzimbiri, ndi nsawa zokazinga. Tsono tandiuza, ng'ombe yanuyo ikufanana ndi chiti?"

Ndidaloza nsapato. Ndipo ndikulozabe choncho, mawu anayi a kuseri kwa kalata aja adabwera m'mutu mwanga, ndipo ndidawamva mwatsopano. Munthu uja sadanene kuti kulibe ng'ombe. Adanena kuti kulibe ng'ombe yonga phwetekere. Ndidayamba kulira mwakuti Mayi Tembo adadzidzimuka, poganiza kuti ndikulirira mzere umodzi wa inki.

Ndidawafotokozera zonse, kuyambira pa chitsa mpaka pa khutu limene ndidalidumpha. Adandimvetsera atavala nsapato imodzi. Nditamaliza adati, "Za red ndi brown si mlandu wako. Sudaphunzitsidwe bwino, ndipo ena mwa osakuphunzitsa bwinowo ndine. Koma za khutuzo ndi zako." Adandiuzanso kuti sakudziwa ngati ng'ombeyo iliko, koma chimene akudziwa nchakuti chiweto chikakhala nthawi yaitali mwini wake osaoneka, chimagulitsidwa. Ndidawapempha kuti apite akawauze Atate okha. Adakana.

"Ndikapita ine, mawa udzafunanso wina wokunenera. Pita tsopano lino, usadikire belu."

Njira ya kusukulu ndinkaiyenda mothamanga masiku onse, koma tsiku limenelo idatalika. Atate ndidawapeza pansi pa mtengo wa mango, akukhomera khasu pa mpini, phazi atalisanjika pa mtondo wogwetsa. Adadabwa kundiona dzuwa lili pamutu. Ndidagwada patali pang'ono, kumene ndodo yawo siikadafika, ngakhale kuti anali asanandimenyepo chiyambire.

Ndidayamba ndi za mitundu, chifukwa ndizo zinali zopepuka. Ndidati pa Chizungu Sajeni si wofiira wa red, ndi wofiira wa brown. Atate adayesa liwulo pakamwa. "Bulauni." Adafunsa ngati kufiira kuli pawiri, ndipo ndidati kuli panayi, mwinanso kuposa. Adapukusa mutu modabwa. Kenaka ndidanena zinazo, maso ali pansi, kuti khutu sindidalembe chifukwa mawu ake sindinkawadziwa, ndipo powerenga ndidanama.

Ndinkadikira mawu aukali. Atate adaika khasu pansi.

"Sendera kuno, Nambewe."

Sankanditchula kawirikawiri ndi dzina la mfunda. Linali la masiku apadera. Ndidasendera, ndipo adaika dzanja lawo lokhakhala pamutu panga.

"Thole saliveka goli la ng'ombe yaikulu. Ine ndidakuveka, ndipo udakoka mpaka pamene udathera. Pukuta misozi, upite kwa aMwale ukabwereke njinga. Mawa tilawirira."

Tidanyamuka kusanache bwino. Atate ankapalasa ndi chidendene cha phazi lodwalalo, ine ndili pakaliyala, ndipo pa chitunda chilichonse tinkatsika, ine nkukankha njinga, iwo nkumatsimphina ndi ndodo. Msewu unali matope okhaokha. M'mbali monse anthu anali m'minda, ndipo chimanga cha ena chinali chitamera kale, timasamba tiwiri tobiriwira. Atate sankayang'ana kumindako. Tidafika pa boma dzuwa litakwera. Pafupi ndi msika anyamata a chipani adatiimitsa kufunsa khadi la umembala, ndipo Atate adatulutsa lawo m'chipewa, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Pa sitolo ina panali mzere wautali wa anthu odikira sopo. Ine kanali koyamba kufika pa boma ndili wozindikira, koma sindidaone zambiri. Maganizo onse anali pa Sajeni.

Wapolisi amene adayankha kalata yathu tidamupeza. Ndinkayembekezera chimunthu choopsa, koma anali mnyamata wowonda, wa ndevu zosamera bwino, wochokera kutali kumadzulo kwa dziko. Chinyanja ankachiyesa, koma chinkamuthawa pakamwa. Atate adavula chipewa, nkundikankha pang'ono pamsana kuti ndilankhule. Ndidatulutsa kalata ija, ndipo ndidati, "The ox is not red. It is brown."

Adayang'ana kalatayo, nkuyang'ana ine. Kenaka adatsegula buku lalikulu, nkutsitsa chala pamizere mpaka chidaima. Adalitembenuza kuti ndione. Padalembedwa kuti, "One ox, brown." Adafotokoza, theka m'Chizungu theka m'Chinyanja chake, kuti ng'ombeyo adailanda kwa anthu awiri amene ankaipirikitsira kumalire, masiku angapo kalata yathu isanafike. Kalata itabwera, iye adaganiza kuti ndi ng'ombe ina. Adatitengera pakhomo nkuloza mbendera ya dziko imene inkakupiza pamtengo.

"Red ndi iyo," adatero, akuloza mzere woyamba mwa mizere itatu ya pangodya pake.

Atate adaiyang'ana mbenderayo ngati akuiona koyamba. "Nanga winawo wa kumapetowo? Si wofiiranso?"

"Umenewo ndi orange, Atate," ndidatero.

"Ha! Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuona mizere iwiri yofiira, pamene boma likuona umodzi."

Wapolisi uja adaseka, ndipo manyazi amene anali pankhope pake adachepa. Adati nayenso akadayenera kuganiza za banga loyera lija, koma m'dera lino ng'ombe za mabanga pamphumi nzambiri, ndipo anthu obwera kudzanamizira ziweto za eni ake sasowa. Pachifukwa chimenecho, tisanapite kukaiona, tinene chizindikiro china chimene mwini wake yekha angachidziwe, iye alembe.

Atate adandiyang'ana. Ndidagwira khutu langa lakumanzere, nkupanga mphanda ndi zala ziwiri kunsonga kwake, ndipo ndidanena chimene chidandikanika pa mphasa paja.

"Bwana, liwu lake la Chizungu sindikulidziwa. Mumati chiyani?"

Mnyamatayo adakanda m'mutu ndi cholembera. Adayang'ana kudenga, kumene kunali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ngati kuti yankho lichokera kumeneko. Potsiriza adati, "Inenso sindidziwa." Adalemba kuti "cut on left ear," ndipo adajambula kakhutu ka mphanda pambali pake. Ndidaima pamenepo ndikudabwa. Munthu wa yunifolomu, wa buku lalikulu, wanena kuti sadziwa, ndipo denga silidagwe.

Ng'ombeyo inkasungidwa m'khola la mlimi wina kutsidya kwa mtsinje, ndipo wapolisiyo adatiperekeza wapansi. Tidamuona Sajeni tili patali, ataima yekha pakona, nthiti zikuwerengeka, nkhupakupa zili mbwee m'khosi. Atate sadathamange, sadafuule. Adatsimphina mpaka pamene anali, nkuika chikhatho pa chipsera cha goli pakhosi pake. Sajeni adatembenuza mutu, nkuwanunkhiza malaya. Wapolisi adagwira khutu, nkulifanizira ndi chojambula chake, ndipo adagwedeza mutu. Mlimi uja adatiuza kuti tikadachedwa mlungu wina umodzi, tikadapeza khola lokha.

Pobwerera Atate ankayenda kutsogolo atagwira chingwe, ine ndikukankha njinga pambuyo. Tinkayenda pang'onopang'ono, wotsimphina ndi ng'ombe yowonda. Pa mtsinje wina tidaima kuti Sajeni amwe madzi, ndipo tidakhala pamwala nkudya mbatata zimene Amayi adatimangira. Mpamene Atate adalankhula, maso ali pa ng'ombe.

"Tsiku lija unkatiwerengera kalata, utafika pa khutu maso ako adachoka papepala. Ndidaona."

Ndidasiya kudya. "Nanga bwanji simudanene?"

"AMwale anali pomwepo, atangokuyamikira. Ndidati ndikamufunsa mwanayu achita manyazi pamaso pa anthu, mwina mawa adzaopa kugwira cholembera. Ndidati banga la pamphumi likwanira." Adatafuna kwa kanthawi. "Ndiye mlanduwu tigawana pakati. Iwe udabisa kusadziwa kwako, ine ndidabisa kuona kwanga. Tonse tidasamala manyazi, nkutaya ng'ombe."

Tidafika kumudzi dzuwa likulowa. Amayi adalulutira mpaka anansi adatuluka, ndipo Bulaki adalira m'khola ngati wamisala. Koma sindinganame kuti zonse zidakhala bwino. Sajeni adafunika masiku kuti abwezere mphamvu, ndipo pamene tinkamanga goli, nthawi yabwino yobzala inali itapita. Thonje sitidabzale konse chaka chimenecho. Chimanga cha m'munda waukulu chidakula mofooka, ndipo chaka chotsatira nkhokwe idatha msanga. Mu Febuluwale tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina maungu okha. Tsiku lina Amayi, atatopa ndi kulira kwa ana, adayamba kunena kuti, "Chikhala kuti kalata ija..." Atate adangoti, "Amake Esinati," ndipo mawuwo adathera pomwepo. Sadabwerezedwenso pakhomo pathu. Pepala lotsatira litafika, Atate adandiitana monga kale, ndipo nditapeza liwu lachilendo ndidati ndikafunse kaye kwa Mayi Tembo. Adati, "Pita, pepala silithawa."

Ndidapitiriza sukulu, ndipo pambuyo pake ndidakhala mphunzitsi wa Chizungu, ntchito imene ndaigwira mpaka imvi. Ndili ku koleji ndidapeza liwu lija la kutema kwa khutu, kakang'ono kwambiri, notch, ndipo ndidaliyang'ana nthawi yaitali. Koma chimene chidandidabwitsa koposa ndidachipeza m'buku lina la zaulimi. Munali chithunzi cha ng'ombe yofanana ndi Sajeni ndendende, ndipo pansi pake eni chinenerocho adalemba kuti ndi ng'ombe ya red. Ndidafufuza, ndipo ndidapeza kuti alimi a ng'ombe a Chizungu amaterodi: ng'ombe ya mtundu wa katondo amaitcha red, monganso tsitsi la munthu lofiirira, ngakhale kuti palibe chofanana ndi phwetekere. Mayi Tembo sadalakwe, wapolisi uja sadalakwe, koma inenso, mosadziwa, sindidalakwe. Tonse atatu tinali alendo m'nyumba ya eni, aliyense akuloza chipinda chimene adaonetsedwa.

Pa tchuti ndidapita nalo bukulo kumudzi. Atate anali atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndipo Sajeni anali atafa kalekale. Nditawafotokozera, adaseka mpaka kutsokomola, nkuitana Amayi kuti adzamve kuti mwana wawo ankadziwa Chizungu kuposa boma.

Lero ndikamaphunzitsa mitundu, ndimabwera m'kalasi ndi zinthu zogwirika, ndipo ndimawauza ana kuti malire a pakati pa red ndi brown, kapena pakati pa blue ndi green zimene ife timangoti zobiriwira, sadaikidwe ndi Mulungu. Adaikidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo amawasuntha akafuna. Mwana amene wasokoneza mawu otere si wopusa. Maso ake akuona bwino lomwe, kungoti akuona ndi chinenero cha amake. Zimenezo nzosavuta kukonza, phwetekere mmodzi ndi nsapato imodzi zimakwanira. Chovuta ndi mwana wanzeru, woyamikiridwa, amene waphunzira kudumpha chimene sakuchidziwa nkumawerenga mokweza ngati chilipo. Ameneyo ndimamuzindikira msanga, chifukwa ndinali ine. Sindimuchititsa manyazi pamaso pa anzake, koma sindikhalanso chete. Ndimadikira ena atuluke, nkumuitana pambali. Ndipo ndisanamufunse kanthu, ndimayamba ndamuuza liwu limodzi limene ine mphunzitsi wake sindikulidziwa mpaka lero.